Kiyibodi ya Bambo

"Ndiye m'nyumba muno tizilamulidwa ndi chibokosi?" achimwene anafunsa akuloza kompyuta ya bambo ndi kiyi wa galimoto. "Ine mwana woyamba ndalankhula ola lathunthu, chibokosi changoti ayi, basi nkhani yathera pomwepo?"

"Si chibokosi chakana, achimwene," ndinatero. "Akana ndi bambo."

"Iwe sindikulankhula nawe. Bambo, tamverani. Munthu uja akufuna malo ano kuti amangepo mashopu, ndipo sadikira mpaka kalekale. Denga ili likudontha, khoma la kukhitchini lang'ambika. Kwathu kuli chipinda kuseri, ndikupezerani munthu wokusamalirani. Mwana uyu naye apumeko, zaka zinayi wakhala akuchapa zofunda ngati alibe moyo wakewake. Cholakwika n'chiyani pamenepa?"

Bambo anali pampando wawo pafupi ndi zenera, dzanja lamanja lili pamwendo pomwe ndinaliika m'mawa, lamanzere lili pa kiyibodi. Kuyambira tsiku limene sitiroko inawagwetsa, pakamwa pawo pankangotuluka kuti "ta, ta, ta," kaya akondwa kaya apsa mtima. Mutu unkagwedezeka wokha tsiku lonse, moti mlendo sakanadziwa ngati akuvomera kapena akukana. Cholembera chinkawapulumuka. Chimene chinawatsalira chinali chala chimodzi cha kumanzere ndi kompyuta yakalekale imene anawapatsa kuofesi popuma ntchito yawo yaukalaliki.

Kompyutayo inali itasanduka yachikasu ndi ukalamba, sikirini yake chimutu chotupa kumbuyo cholemera ngati thumba la simenti. Ukayatsa inkayamba yalira kaye m'mimba, kenako pamdima pankaoneka kamzere kophethira, basi ulembe. Mabatani ake anali aatali ndi olimba zedi. Kuti chilembo chituluke unkayenera kukanikiza mpaka umve kuti kha! Chala cha bambo chinkanjenjemera pamwamba pa mabatani atatu kapena anayi osalemba kanthu, mpaka chitapeza limene akufuna, iwo n'kulitsamira ndi phewa lonse. Lero ndikuzifotokoza bwinobwino chonchi, koma masiku amenewo ndinkangomva phokoso lake.

Kha! Kha! Kha!

"Mukamaliza chiganizo chimenecho wogula akhala atamanga kale kwina," achimwene anatero akuyang'ana wotchi.

Bambo sanafulumire. Tonse tinaima kumbuyo kwawo kuyang'ana zilembo zikutuluka chimodzichimodzi: NYUMBA IYI NDIFERAMO.

Achimwene anapukusa mutu, anatola jekete yawo n'kutuluka osatsanzika. Galimoto isanatuluke n'komwe pageti, bambo anagogoda tebulo ndi supuni, njira yawo yondiitanira. Ndinapita kukaona, mtima uli m'mwamba, kuganiza kuti akufuna kundiuza zazikulu. Pasikirini panali patalembedwa kuti: MZIME TIYI WAZIZIRA.

Patapita masiku anayi achimwene anabweranso, ulendo uno ndi buledi ndi sopo m'jumbo. Anandipeza kuseri ndikuyanika zofunda za bambo.

"Mzime," anandiitana. Dzina limeneli ankandiitana nalo ndi bambo okha, ndiye ndinadziwiratu kuti pali chimene akufuna. "Za nyumba tazisiya kaye. Mawu a akuluakulu akoma akagonera, mwina akuona zimene ife sitikuona. Koma chibokosi chija chikundichititsa manyazi. Bambo anga, munthu amene analembera theka la anthu a dera lino makalata ofunsira ntchito, azivutika ndi chinthu chimene ngakhale otola zitsulo angachikane?"

"Chikugwira ntchito."

"Chikugwira ntchito yanji? Kulemba ayi? Ndalankhula ndi a Mawaya, aja okonza makompyuta kumsika. Akuti akhoza kuiwonjezera mphamvu, kuikamo memole yambiri, disiki yatsopano, ikhale ngati za masiku ano. Ana anga azidzaphunzirirapo akabwera kudzaona agogo awo. Iwe uzidzaonerapo masitayilo a madiresi, usaiwale kusoka kuja. Bambo azidzamvera nkhani. Ndiye chachikulu, akuti aikamo mawu. Bambo akalemba, iyo izilankhula mokweza. Uzimva uli kukhitchini, osachita kuthamangira kukawerenga. Sukufuna kumva bambo akulankhulanso?"

"Chikomekome cha mkuyu, achimwene."

"M'kati muli nyerere, ndikuudziwa mwambiwo. Koma nyerere zake ziti? Masiku atatu okha, ibwerera pamalo pake."

Ndinene zoona, popeza bodza ndinanena kale lokwanira. Chimene chinandikopa si mawu olankhula aja kapena masitayilo a madiresi. Chinandikopa ndi masiku atatuwo. Masiku atatu opanda supuni kugogoda tebulo, opanda MZIME ZENERA, MZIME MALAYA AWA SANASITIDWE, MZIME MCHERE WACHULUKA. Bambo anali kalaliki mpaka m'mafupa. Munthu wosatha kukweza kapu yekha ankaona kuti kolala yapindika. Ndinkawakonda, koma ndinali nditatopa kutopa kumene tulo sitichotsa.

Tinakawauza. Achimwene anafotokoza zonse mokoma, ine ndikuthira ndemanga ngati mlaliki wachiwiri. Bambo anatiyang'ana, kenako chala chinayamba ulendo wake.

ISIYENI.

"Bambo, ndi masiku atatu okha," ndinatero.

Kha, kha, kha. GALU WAMKOTA.

Miyambi ankailemba theka chifukwa inkawatopetsa, ife n'kumaliza tokha mumtima. Galu wamkota sakandira pachabe. Ndinaumaliza mumtima, koma sindinaumvere.

Mawa lake ndinawalowetsa kubafa nthawi ya masiku onse. Ndinatsegula mpopi kwambiri kuti madzi asokose. Ndikuwatsuka msana, achimwene anali akunyamulira zinthu m'galimoto. Nditawabweza pabalaza atavala malaya ositidwa bwino, patebulo panangotsala nsalu yokhala ndi chizindikiro cha pomwe panali bokosi, ndi supuni. Bambo anayang'ana tebulolo, anayang'ana ine.

"Ta," anatero. "Ta, ta, ta!"

"Ibwera Lachisanu, bambo. Ibwera ili bwino kuposa kale."

Anagogoda tebulo ndi supuni mpaka inawagwa m'manja. Ndinaitola n'kukaiika kukhitchini.

Masiku atatu anasanduka khumi ndi limodzi. Mpumulo umene ndinkaufuna uja sindinaupeze. Bambo akafuna kanthu ndinkachita kulota. Ndiwabweretsere madzi, akufuna bulangete. Ndiwatsegulire zenera, akufuna kuchimbudzi, ndipo kawiri konse ndinazindikira mochedwa. Ndinayesa kulemba zilembo pakatoni kuti aziloza, koma chala chinkavina pa zilembo zitatu nthawi imodzi, ine n'kumatchula zolakwika mpaka iwo kutembenukira kukhoma. Ndikaimbira achimwene ankangoti a Mawaya akudikira zipangizo.

Tsiku la khumi achimwene anandiimbira okha.

"Ndinadutsa kushopu kumene unkasoka kuja," anatero. "Mayi a shopuyo akukufunabe. Akuti makina ako alipo, akusungira mpaka kutha kwa mwezi uno. Ndawauza kuti zikhoza kutheka. Iwe uli ndi zaka zingati kodi? Anzako onse ali pabanja, ena ali ndi mashopu awoawo. Ganizira."

Ndinaganizira. Ndinaganizira kuposa mmene ndinayenera kuganizira.

Kompyuta inabwera Loweruka masana. Bokosi linali lomwe lija lachikasu, koma china chilichonse chinali chachilendo. Chimutu chija chinachoka, panabwera sikirini yopyapyala. Panabwera mausi, timasipika tiwiri, ndi kiyibodi yakuda yaphwatalala yopepuka ngati mbale yapulasitiki. Achimwene anayatsa, inaimba kanyimbo, inafunsa pasiwedi, kenako panatuluka mitundumitundu ndi tizithunzi. Alamu, akazi awo a achimwene, anaomba m'manja.

"Lembani, bambo," achimwene anatero atawatsegulira polemba. "Lembani chilichonse mumve."

Bambo anakweza dzanja pang'onopang'ono. Nkhope yawo inali itawala, sindiiwala. Masiku khumi ndi limodzi a mawu anali atadzaza pachifuwa. Chala chinafika pamwamba pa mabatani n'kuyamba kunjenjemera monga mwa masiku onse, koma mabatani awa sanadikire kukanikizidwa. Kungowakhudza, chilembo chatuluka. Pasikirini panathamanga mzere: aaqwssuuyyyiiiio. Bambo anayesa kufufuta, m'malo mwake panatseguka zenera lina. Kenako m'masipika munatuluka mawu a mzimayi wachilendo akuwerenga zopanda mutuzo mwaulemu wonse.

Alamu anagwira pakamwa, koma kuseka kunatulukira m'mphuno.

Bambo anayesanso kachiwiri, kachitatu. Thukuta linatsika m'khosi mpaka kunyowetsa kolala. Mzimayi uja anapitiriza kuwerenga. Ine ndinafikira waya wa masipika n'kuuzula.

"Kiyibodi yakale ija ili kuti?" ndinafunsa.

"Siingalowe pa makina awa," achimwene anayankha, koma maso awo sanali pa ine. Anali pa sikirini. Anayang'ana mzere uja nthawi yaitali ndithu, kenako anati motsitsa, "Mwaona? Ine ndinkanena kuti mutuwu si wakale uja."

Mpaka lero sindidziwa ngati anakonzeratu zimenezi kuyambira pachiyambi, kapena anangoona khomo latseguka n'kulowa. Ndawafunsa, amati ndine wamwano.

Lamulungu masana anabwera ndi azakhali, mlongo wawo wa bambo, amene mawu awo pabanja pathu palibe ankawatsutsa. Anabweranso ndi pepala lolembedwa kale, lonena kuti popeza bambo sakuthanso kuganiza bwino, achimwene ndiwo aziyang'anira zinthu zawo zonse. Pansi panali mizere iwiri ya mboni.

Azakhali anakoka mpando n'kukhala pafupi ndi bambo. Anawagwira dzanja lakufa lija.

"Achimwene, mukundidziwa ine?" azakhali anafunsa bambo.

"Ta, ta."

"Alembe," achimwene anatero. "Paja amati amalemba. Bambo, lembani dzina la azakhaliwa."

Bambo anayang'ana kiyibodi yakuda ija ngati munthu woyang'ana mtsinje wodzaza. Anayesa. Panatuluka zilembo zosaoneka mutu wake, mzere umodzi ndi theka.

"Nanga lero n'lachingati, bambo? Lembani tsiku lokha."

Zomwezo.

Azakhali anayamba kulira. "Kalaliki wathu! Munthu amene ankatikonzera zilembo tonse! Ine ndinamva kuti amalankhula bwinobwino pa makinawa."

"Kale, azakhali. Miyezi yapitayi zasintha. Amangolemba ayi pa chilichonse, tsopano ndi izi mukuonazi. Matendawa amatero."

Azakhali anapukuta misozi ndi nsonga ya mpango n'kutembenukira kwa ine.

"Iwe mwana, ndiwe umagona nawo nyumba imodzi. Ine sindingasaine chinthu chotere chifukwa cha mawu a munthu wobwera ndi galimoto. Wamisala anaona nkhondo, nanga munthu wodwala chabe? Undiuze zoona. Mutu wa bambo ako uli bwanji?"

M'mawa wa tsiku lomwelo ndinali nditasokoneza mankhwala. Ndinawapatsa piritsi la madzulo m'malo mwa la m'mawa, onse oyera, osiyana pang'ono kukula. Bambo analuma mano, kukana, maso ali pa botolo linalo, mpaka ndinazindikira kulakwa kwanga. Munthu wosokonezeka mutu sachita zimenezo. Ndikanangonena kuti vuto ndi mabatani, azakhali, tidikire tipeze akale aja. Mawu ochepa chabe. Achimwene anali atatsamira chitseko, kiyi wa galimoto akuzungulira pachala. Ndinaona makina anga osokera kushopu, ndinamva fungo la nsalu yatsopano.

"Masiku ano amasokonezeka, azakhali," ndinatero.

Azakhali anasaina. Ine ndinasaina pamzere wachiwiri. Nthawi yonseyi sindinayang'ane kumene kunali bambo, koma ndinamva kuti "ta, ta, ta" uja wasiya.

Lolemba ndinawapatsa tiyi, anamwa. Ndinawabwezera supuni yawo patebulo, sanaikhudze. Ndinawaveka malaya, ndinawapesa tsitsi, iwo maso ali pazenera. Lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu ndinalephera kupirira. Ndinapempha mayi a nyumba yoyandikana nafe kuti awayang'anire, ine n'kuthamangira kumsika.

Shopu ya a Mawaya inali kakontena kodzaza mpaka kudenga. Ndinawapeza atawerama pa laputopu yotsegulidwa mimba, magalasi ali pamphuno.

"Kompyuta yachikasu ija? Ndikuikumbukira bwino," anatero. "Zoterozo sizionekanso, achemwali. Ndinaiyatsa, inayaka ngati yadzulo. Inandimvetsa chisoni kuiphwasula."

"Nanga munaiphwasuliranji?"

"Mwini wake anatero. Ine ndinawauza achimwene anu njira ziwiri. Yoyamba, ndiipukute fumbi, ndisinthe kabatire ka m'kati, ndiike kakhadi m'malo mwa disiki yotopa ija, basi. Ikanakhala zaka zina khumi ikulemba makalata. Kuiwonjezera memole kunali kosatheka, ya mtundu umenewo anasiya kupanga inu musanabadwe. Njira yachiwiri, ndichotse zam'kati zonse ndiike zina, litsale bokosi lokha. Ndinawafunsa kuti amaigwiritsa ntchito ndani, anati ana."

"Ana?"

"Anati ndi ya ana ophunzirira."

Ndinakhala pansi pa kabokosi kamene kanali pakhomo. Ndinawafotokozera za bambo, za chala chimodzi, za kunjenjemera. A Mawaya anavula magalasi.

"Mayo ine," anatero. "Akanandiuza! Kiyibodi imeneyo ili ndi masipuling'i, batani lililonse lakelake. Munthu wonjenjemera ndiye yake imeneyo. Izi zamasiku anozi ngakhale ntchentche ikaterapo imalemba kalata. Bwerani kuno."

Ananditengera kuseri kwa kontena kumene kunali mulu wa zinthu zodikira ogula zitsulo. Tinafukula tonse awiri. Chimutu chija ndinachiona chitasweka galasi. Kiyibodi tinaipeza pansi pa mafani akufa, yodzaza fumbi koma yamphumphu. Zilembo A, I ndi Y zinali zofufutika ndi chala cha bambo. Ndinakanikiza batani limodzi, linati kha, ine misozi n'kuyamba.

"Musalire kaye, vuto lilipobe," a Mawaya anatero akundionetsa kumapeto kwa waya. "Onani pulagi yake, yozungulira, yaikulu. Makina atsopano aja alibe bowo lotere. Pakufunika kolumikizira, timati adaputa, ndipo ka mtundu uwu kuno kulibe. Ndiitanitsa kwa mnzanga. Sabata imodzi, mwina kuposerapo."

"Zam'kati zakale zija bwanji? Simungazibwezeretse?"

"Zinapita ndi ogula zitsulo Lachisanu lapitalo. Madzi akatayika saoleka, achemwali. Tidikire adaputa."

Ndinanyamula kiyibodi pachifuwa mpaka kunyumba. Ndinaipukuta ndi kansalu konyowa batani limodzilimodzi, ndinaionetsa bambo. Anaiyang'ana pang'ono n'kubwezera maso pazenera.

Wogula uja analidi wosadikira. Sabata yomweyo achimwene anabwera ndi lole ndi anthu onyamula katundu. Ndinawatsekereza pakhonde.

"Dikirani masiku ochepa, achimwene. Kiyibodi ndaipeza. Bambo alankhula okha, azakhali amve."

"Alankhula chiyani? Zatha kale, malo ndi a eni ake."

"Munawauza a Mawaya kuti kompyutayo ndi ya ana. Munadziwa chimene mukuchita. Fisi akafuna kudya ana ake amati akununkha mbuzi. Bambo alibe misala, inu mukudziwa!"

Achimwene sanakweze mawu. Anatulutsa pepala lija m'thumba la jekete, analitambasula n'kuloza pansi.

"Ndiwerengere. Pamzere wachiwiri apa anasaina ndani? Fisi ndi ine ndekha? Azakhali anafunsa ine kapena iwe? Unafuna kubwerera kumakina ako, wabwerera. Walira mvula walira matope, mlongo wanga. Tapatuka, anthuwa akugwira ntchito."

Ndinapatuka.

Bambo anawanyamula ndi mpando wawo womwe, amuna awiri, wina uku wina uku. Podutsa pakhomo anatambasula dzanja lamanzere n'kugwira felemu ya chitseko. Anagwira zolimba moti onyamulawo anaima n'kuyang'ana achimwene. Achimwene anayang'ana kumbali. Amene anamasula zala zija chimodzichimodzi ndi ine, ndikunena kuti, "Mupweteka, bambo, mupweteka."

Chipinda cha kuseri kwa achimwene chinali choyera bwino, sindinganame. Chinali ndi bedi latsopano ndi kazenera koyang'ana kumpanda wa njerwa. Anapeza mayi wina wodekha woti aziwasamalira. Ine ndinapeza kachipinda ka lendi pafupi ndi shopu, ndinabwerera pamakina anga. Nsalu yatsopano inkanunkhira monga ndinkaikumbukira, koma mizere yanga inkapita mokhota, ndinkasoka n'kusosola.

Adaputa inafika patatha masiku khumi ndi atatu, kanthu kakang'ono kosakwana chala. Popita nayo ndinadzera kunyumba kwathu kuja. Malata anali atachotsedwa, zenera la bambo litagumulidwa, amuna akukweza njerwa m'wilibala.

A Mawaya anali atandiphunzitsa zochita. Ndinapempha alamu kompyuta ija, imene ana anali atayamba kale kuseweretsa magemu pabalaza. Ndinaiika patebulo m'chipinda cha bambo, ndinalumikiza kiyibodi yakale, ndinachotsa mausi ndi masipika. Ndinatsegula polemba n'kukuza zilembo. Ndinayesa ndekha, kha, chilembo chimodzi chokha chinatuluka. Ndinakankhira mpando wa bambo pafupi, ndinanyamula dzanja lawo lamanzere n'kuliika pamabatani. Linali litapepuka.

"Ndi yomwe ija, bambo. Yanu ija. Lembani chilichonse. Ndikaitana azakhali adzaone, tikauza anthu kuti pepala lija n'labodza."

Anakhala nthawi yaitali osasuntha. Kunja ana ankakanganirana mpira, alamu ankakazinga anyezi. Kenako chala chinayamba kunjenjemera pamwamba pa mabatani, chinafufuza, chinapeza.

Kha.

Ndinagwada pambali pawo kuti ndione bwino. Ndinkayembekeza kuti alemba NYUMBA. Ndinkayembekeza kuti atukwana achimwene, ndipo ndikanawathandiza. Zilembo zinatuluka chimodzichimodzi, zoongoka, popanda cholakwika ngakhale chimodzi, monga ankalembera kalaliki.

UMADZIWA.

Anachotsa dzanja pa kiyibodi n'kuliika pamwendo pafupi ndi linzake lakufa lija.

"Bambo, pepani. Ndinatopa, bambo. Ndinalakwa. Lembaninso, ndikalipireni, nenani chilichonse."

Ndinalira mpaka mayi wowasamalira uja anabwera kudzandidzutsa. Bambo sanalire. Mutu unkangogwedezeka wokha monga mwa masiku onse, maso ali pampanda wa njerwa.

Papita masabata atatu tsopano. Azakhali ndinakawauza zoona, anandiyang'ana n'kunena kuti nyumba yogumulidwa siimva kupepesa. Kompyuta ikadali m'chipinda cha bambo, ndinakaniza ana kuitenga, ndipo achimwene pa ichi chokha sanalimbane nane. Tsiku lililonse ndikaweruka kushopu ndimapita, ndimaiyatsa, ndimaika dzanja lawo pamabatani. Amalisiya pomwepo mpaka nditalichotsa ndekha. Supuni ili patebulo pomwe ndinaiika.

Dzulo ndinawaveka malaya osasita, kolala yopindika mbali imodzi. Ndinapanga tiyi n'kumuika pazenera mpaka anazizira ngati madzi a mumtsuko. Ndinayatsa kompyuta, ndinasendeza kiyibodi pafupi ndi chala chawo, ndinawafikitsira kapu pakamwa n'kudikira.

Anamwa yense.